Anachisale Sanatsike

Johannesburg
7 Epulo 2024

Okondedwa Ababa ndi Achemwali a Tione,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumudziko. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino, ndipo malo okhawo ofunda ndi kukhitchini ya hotela komwe ndimagwira ntchito. Maso anu akupeza bwanji, Ababa? Mankhwala odontheza aja mukuthirabe? Nanga amalume a Yesaya anena kuti mwambo wosudzula udzakhala liti? Mundiuze msanga kuti ndiyese kupempha tchuthi.

A Maulidi, amene amayenda ndi katundu pakati pa kuno ndi Limbe, akupatsani kaphukusi. Muli masokosi, chipewa chaubweya, ndiponso chimene mwakhala mukuchidikira nthawi yonseyi: buku lachisanu, lomaliza, la nkhani ya Chombo. Achemwali, mukayambenso kuwerengera anthu anu Lamulungu masana kushedi koyezera tiyi kuja. Anzanga kuno sakhulupirira ndikawauza kuti kwathu ku Thyolo kuli amayi othyola tiyi amene amatsatira nkhani ya chombo cha m'mlengalenga, mlongo wanga akumasulira Chingerezi pompopompo. Amaseka kwambiri ndikafika poti kaputeni wa chombocho munam'patsa mfunda woti Anachisale, ati mayi wamkulu chotero saitanidwa ndi dzina lake ngati mwana wasukulu.

Ababa, ndamva kuti ku Luchenza kukupezeka mapuloti pafupi ndi msika. Ndikuganiza zokumangirani kanyumba kamalata kumeneko, pafupi ndi maminibasi opita kuchipatala. Muganizire.

Achemwali, kuyambira apa musawerenge mokweza.

Bukuli landikwiyitsa. Ndinalimalizira m'takisi, ndipo ndinangotsala pang'ono kuliponya pawindo. Pa intaneti anthu alusa. Ena akuti wolemba anatopa, ena akuti atentha mabuku onse asanu, wina wafika polemba mathero akeake. Chombo chikufika ndithu padziko latsopano lija, la mitsinje ndi mvula. Anthu onse akutsika. Koma Anachisale, amene anabadwira m'chombomo n'kuchiyendetsa moyo wawo wonse, sakutsika. Akutembenuza chombo chopanda anthu n'kulunjika kudziko louma komwe makolo awo anachokera, ulendo woti sangaumalize ali moyo. Basi, buku latha. Zaka zonsezi timadikira zimenezi?

Mlongo wanu,
Winston

Chimaliro, Thyolo
28 Epulo 2024

Wokondedwa Winston,

Tili bwino. Kaphukusi kafika, ndipo chipewa Ababa sakuchivula ngakhale dzuwa liwale. Ukudabwa kuti bwanji sindikungokutumizira uthenga pafoni. Ndikakutumizira nkhani yolemera pa WhatsApp umandiyankha ndi kachala koloza kumwamba, ndiye ndabwerera kupepala.

Buku ndalimaliza, ndipo sindikugwirizana nawo okwiyawo. Wolemba sananamize munthu. M'buku lachiwiri Anachisale ananena kuti ntchito yawo ndi kufikitsa anthu. Sananene kuti ndi kufika. Vuto si bukuli. Vuto ndi Ababa.

Amalume akuti kusudzula kudzakhala Loweruka pa 27 Julaye. Ukudziwa mmene zilili kwathu kuno: mudzi ndi wa akazi. Malo ano anali a Amayi, ndipo chimwalirireni iwo ali m'manja mwanga. Ababa anabwera ngati mkamwini, ndiye tsiku limenelo akuchikazi adzawauza kuti amasuka, atha kupita kwawo. Koma kwawo kuti? Anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a esiteti. Makolo awo anachokera ku Milange, ku Mozambique, komwe iwo anapondako kamodzi kokha, pokaika mayi awo amene anabwerera kukafera kwawo. Kwatsala a Lestina, mwana wa mlongo wawo, amene timangomva mawu awo pafoni pa Khirisimasi.

Ndikuuza zimene ndaona, osati zimene ndikuopa. Sutikesi ya Amayi ija apita nayo kwa telala kuti aike zipi yatsopano. Afunsa a Maulidi ngati pa Muloza munthu amaoloka ndi chiphaso cha paboda chabe. Mpeni wawo wodulira tiyi apatsa amalume. Ndipo tsiku limene tinayamba bukuli, a Esnat, anzawo a Amayi aja, anawafunsa mwanthabwala kuti, “A Peterson, nanga inu akakusudzulani mulowera kuti?” Iwo anati, “Ndionera Anachisale. Mmene achitire iwo ndi mmene ndichitire ine.” Onse anaseka. Iwo sanaseke.

Sindikhulupirira kuti buku lingasamutse munthu. Koma munthu amene wamanga kale theka la katundu amangodikira womuuza kuti nyamuka, ndipo sasankha womuuzayo.

Ndiye ndikuwerenga pang'onopang'ono, mutu umodzi pa Lamulungu. Si chinthu chovuta. Masana a Lamulungu kushediko kumakhala bata, sikelo italendewera yokha, madengu atavundikiridwa m'mbali. Tiyi amayambira pamapazi athu n'kutsetsereka mpaka kumabulugama, wosalala ngati wina wamusita. Ndikamawerenga za anthu oyang'ana nyenyezi pazenera la chombo, ndimaona amayi aja maso ali kutali, kupitirira minda, manja awo akuthyolabe masamba osaoneka pamiyendo. Nthawi zina ndimasiya kuwerenga ndipo pamapita kanthawi asanazindikire.

Koma mitu ya buku imatha, ndipo Julaye akubwera. Uganizepo.

Mlongo wako,
Tione

Chimaliro, Thyolo
19 Meyi 2024

Mwana wanga Winston,

Uli bwanji kumeneko? Akudyetsa bwino kuhotelako, kapena umangophikira ena? Akulemba ndi Tione koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakonze kalikonse.

Wafunsa za maso. Ng'ala ili pomwepo. Anthu akudikira chiperoni cha Juni, koma ine ndili ndi changachanga chosatha. Sindidandaula kwenikweni. M'mawa ndikakhala pakhonde, minda ya tiyi ndimaiona ngati mtambo wobiriwira, ndipo othyola amayandama pamwamba pake opanda miyendo, madengu kumsana. Mphepo ikachokera kufakitale ndimamva mafani aja ofotetsa masamba, omwe ndinakhala nawo zaka zonse za ntchito yanga. Phokoso lake silikwera, silitsika. Ndimadziwa kuti chombo cha Anachisale chimalira chonchi mkati. Tsiku lina ndinatsinzina ndipo ndinamva esiteti yonse itazuka pansi, malaini, fakitale, sikelo, manda, zonse zikuyenda pang'onopang'ono m'mwamba, ife tili momwemo tikuthyola. Amayi ako analipo, mzere wachitatu kuchokera kumsewu.

Agogo ako anauzidwa kuti kutiyi kuno ndi podutsa chabe. Ife tinabadwira podutsapo. Ndiye nkhani ya anthu obadwira paulendo musamandifotokozere ngati ndi yachilendo.

Za puloti ya ku Luchenza ndamva, ndipo ndathokoza. Mwana woleredwa bwino sauza bambo ake kuti chokani. Amangowaonetsa malo ena. Ndamva ndithu. Koma usadzivute. Munthu wosudzulidwa sakakhala pamsika ngati thumba losowa mwini. Amapita kwa alongo ake.

Tsopano dandaulo. Mlongo wakoyu wayamba ulesi. Kale ankawerenga mpaka mawu kusasa, tsopano mutu umodzi watseka buku. Sabata yatha anabwereza mutu wakale, ati chifukwa a Fainess kunalibe. A Fainess analipo. Anakhala pafupi ndi ine, ankadya nzimbe, makoko ake ankandigwera paphazi. Chombo chili pafupi kutera, dziko likuoneka kale pazenera, ife tikungozungulira ngati kabawi. Umulembere, mwina iwe akumvera.

Ndine bambo ako,
Peterson

Winston, wamva wekha. Ndalemba monga ananenera. Tione.

Johannesburg
2 Juni 2024

Achemwali,

Moni. Kalata iyi ndi yanu yokha. Ya Ababa ndaiwerenga kangapo nditaimirira kuseri kwa khitchini, mpaka anyezi anapserera. Ine ndiwathamangitse Ababa? Ndimafuna akhale pafupi ndi chipatala, basi. Muwafotokozere chonde, inu mumadziwa kuyala mawu.

Tchuthi andikaniza. Ati Julaye kuli misonkhano yambiri.

Tsono mverani. Bukulo lili m'manja mwanu, ndipo pashedipo palibe amene angalitsegule n'kukutsutsani. Atsitseni Anachisale. Apatseni munda m'mbali mwa mtsinje, adzale chinangwa, akalambe adzukulu akuwasokosera. Anthu apaintaneti akuchita zomwezo, aliyense akulemba mathero amene mtima wake ukufuna, ndipo palibe amene wamangidwa. Kodi si inu amene munasandutsa chakudya cha m'machubu chija kukhala phala? Si inu munati injiniya wamkulu uja ndi kapitawo? Mwakhala mukusintha kuyambira buku loyamba. Sinthani tsamba limodzi lokha, Ababa akhale.

Ndikudziwa muyankha kuti bodza ndi bodza. Koma nkhani yonseyi ndi yopeka kale. Chombo kulibe, Anachisale kulibe. Amene alipo ndi munthu wokalamba wosaona bwino, amene akufuna kupita kudziko lomwe sadziwa ngakhale njira yakuchigayo.

Mundiyankhe msanga. Mvula yasiyiratu? Kudulira kwayamba?

Winston

Chimaliro, Thyolo
30 Juni 2024

Wokondedwa Winston,

Tadzuka bwino, kaya iwe. Kudulira kwayamba, minda ya kumtunda yasanduka zitsa zotuwa. Kalata yako yafika Lachinayi lapitali. Galimoto ya a Maulidi inafera ku Tete, anakhalako akudikira chitsulo chochokera ku Blantyre. Yapeza nditawerenga kale mathero.

Usawade a Maulidi. Ikanafika msanga sindikanasinthabe. Kunena kuti phala m'malo mwa chakudya cha m'machubu ndi kuthandiza munthu kuona chimene chalembedwa. Kutsitsa Anachisale ndi kumubisira. Ndipo Ababa akanadzadziwa, akanadziwanso kuti tinawayesa mwana wofunika kunyengerera.

Ndinalephera kuchedwetsa kupitirira apo. A Dan, kapitawo wa gulu la a Fainess, anandiuza pamaso pa anthu kuti, “Aphunzitsi, lero mukapanda kumaliza tikulandani bukulo, tikapereke kwa akalaliki a kuofesi.” Linali Lamulungu lapitali. Chiperoni chinali chitagwa kuyambira m'mawa, kamvula kaufa kosanyowetsa msanga. Chifunga chinalowa mpaka m'shedi, moti a kumbuyo ndinkangoona zitenje zawo. Kunja kunalibe minda, kunalibe msewu, kunalibe phiri. Tinali ngati tili m'chipinda choyera chopachikika m'malere. Ndinawerenga za anthu akutsika, akugwira dothi, ana akuthawa mvula chifukwa anali asanaionepo. Ndinawerenga za Anachisale atatsala okha, akuyenda m'makonde opanda anthu, akuzimitsa magetsi chipinda ndi chipinda, kenako chombo chikuchepa m'mwamba mpaka kufanana ndi nyenyezi zina. Ndinatseka buku. Kunangomveka madontho akugwa kumalata.

Anayamba ndi a Dan. “Basi? Wolemba ameneyu akanakhala wa gulu langa ndikanam'dula tikiti ya malipiro. Waweruka ntchito isanathe.”

A Esnat ankapukuta maso ndi nsonga ya mpango. “Iyayi, walemba bwino. Munthu amakafera kwawo.”

“Kwawo kwake kuti, poti sakafikako? Akafera m'njira ngati galu wa alenje.”

“Bola nkhope yaloza kwawo.”

Wina kumbuyo anati mwina kuli buku lachisanu ndi chimodzi lomwe Winston wabisa. Wina anati azungu sadziwa kumaliza nkhani, n'chifukwa chake maliro awo satenga nthawi. Ndiye a Fainess anaimirira, chitenje anamanganso bwino, ngati akupita kukakangana pasikelo.

“Inu mukulimbana ndi wolemba. Ine ndikulimbana ndi otsikawo. Mayi wakunyamulani kuyambira muli m'mimba, wakufikitsani pamadzi, inu n'kumathamangira kukagwira dothi. Aphunzitsi, m'bukumo alipo amene anawauza kuti Anachisale tsikani, tikukufunani?”

A Dan anati, “Zimenezo n'zofunika kunena? Dzikolo ndi la onse.”

“Inu a Dan khalani chete. Akazi anu akaiwala kukuuzani kuti madzi ali kubafa, mumakhala osasamba mpaka mawa, madziwo mukuwaona.”

Anthu anaseka mpaka a Dan anavula chipewa n'kuchivalanso. Ine ndinayankha kuti sindikukumbukira, ndikaona.

Ababa sanalowerere. Pobwerera, atagwira phewa langa, anangoti, “Anachita bwino. Anachoka asanatopetse anthu.”

Sabata yonseyi ndikaweruka kusukulu ndakhala ndikubwereza mitu yomalizayo mzere ndi mzere. A Fainess anafunsa funso loyenera. Anthu aja akuwathokoza Anachisale. Akuwaimbira nyimbo. Mtsinje waukulu akuutcha dzina lawo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akunena kuti khalani nafe. Aliyense akuyesa kuti n'zodziwikiratu. Sindikudziwa ngati wolemba anachita dala, ndipo okwiya apaintaneti aja sindinaone amene wazitchula.

Kenako ndinayang'ana kunyumba kuno. Chimwalirireni Amayi ndawaphikira Ababa, ndawachapira, ndapita nawo kuchipatala ku Boma. Iwe watumiza masokosi ndi puloti. Amalume amabwera kudzacheza nawo, amakambirana za mpira. Mawu oti khalani sanatuluke pakamwa pa aliyense wa ife.

Sindinawanenebe. Ndikawanena kukhitchini adzati ndi chisoni cha mwana wamkazi. Ayenera kunenedwa pabwalo, tsiku losudzula, abale akumva, ndipo achokere kwa tonse awiri. Lemba kalata yaifupi. Usatchule Luchenza, usatchule chipatala. Uitumize pabasi, usadikire a Maulidi.

Mlongo wako,
Tione

Johannesburg
9 Julaye 2024

Ababa,

Moni kwa inu, kwa amalume a Yesaya, ndi kwa onse amene akhala pabwalopo. Pepani kuti sindili nanu.

Za Luchenza ndinalakwitsa kanenedwe, muziiwale. Chimene ndikufuna ndi ichi: musachoke. Ndikamati ndikupita kwathu, ndimatanthauza khonde limene inu mumakhalapo. Mukachoka, ndidzafika pamudzi wa Amayi ngati mlendo wodziwa njira. Sindikunena izi chifukwa cha maso anu kapena ukalamba wanu. Mukanakhala ndi maso a kabawi ndikananena zomwezi.

Khalani, Ababa. Tikukufunani.

Mwana wanu,
Winston

Chimaliro, Thyolo
4 Ogasiti 2024

Wokondedwa Winston,

Ndikhulupirira uli bwino. Foni yako ndakhala ndikuiona ikulira, koma ndimafuna ndikuuze zonse mwadongosolo.

Kalata yako inafika nthawi yabwino. Mwambo unachitika m'mawa, pansi pa mtengo wamapeyala. Kuchimuna kunabwera a Lestina okha kuchokera ku Milange, mayi wamtali wofatsa, wa mphumi ngati ya Ababa. Amalume anayankhula mawu a mwambo: kuti a Peterson anasunga mlongo wawo mpaka kumanda, kuti pamudzi pano alibe mlandu, kuti kuyambira lero amasuka. A Lestina anaomba m'manja n'kunena kuti alandira munthu wawo.

Ana sayankhula pamenepo, ukudziwa. Ndinagwada n'kupempha mwayi. Azakhali ena anang'ung'udza, koma amalume anakweza dzanja. Ndinawerenga kalata yako yonse. Kenako ndinanena zanga: kuti malo ano ndi anga tsopano, ndipo mwini malo akupempha bambo ake akhale, osati mongosungidwa koma monga mwini khonde.

Amalume anakhala ngati awomba mutu pamtengo. Anati, “Alamu, kodi mumayesa tikufuna muchoke? Ifetu timaopa kukumangani. Mwambo umati timasule munthu. Tikanati khalani, anthu akanati a Yesaya akukaniza mkamwini kukakwatira kwina.”

Ababa anati, “Kukwatira? Ndi maso awa? Ndingakatenge agogo ake a mkaziyo osadziwa.”

Bwalo lonse linaseka, ngakhale azakhali aja. Amalume anabwereza katatu kuti akhale. Ababa anaweramitsa mutu, chipewa chako chili m'manja. Kenako anati, “Ndamva.” Ine ndinayesa kuti zatha.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala jekete, sutikesi ili pakhomo. A Lestina anali ataitana kale makabaza awiri oti awafikitse ku Luchenza. Ndinawafunsa ngati sanamve zimene tinanena. Anati, “Ndamva, mwana wanga, ndipo zandikoma. Ndikaone.” Ndinafunsa kuti abwera liti. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, monga amachitira akafuna kuona munthu bwinobwino, kenako anakwera njinga.

Chifunga chinali chisanachoke. Njinga zinalowa mumsewu wapakati pa tiyi, ndipo posakhalitsa matayala sankaonekanso, kenako oyendetsa, mpaka kunatsala mitu iwiri ikuyandama pamwamba pa minda. Ndinaima pomwepo mpaka belu la kusukulu linalira.

Zimene ndikudziwa ndi izi. Anafika bwino, a Lestina anaimba. Mankhwala a m'maso anatenga botolo limodzi lokha, koma mwina anangoiwala linalo. Kushedi lero, poti ndi Lamulungu, anthu anabwera mwa chizolowezi, tinakhala opanda chowerenga, a Fainess osandiyang'ana kumaso. Tinanena zoona, Winston. Kaya zinachedwa, kaya sizinakwanire, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukuuza zimene sindikudziwa.

Mlongo wako,
Tione

Milange
25 Ogasiti 2024

Ana anga Tione ndi Winston,

Muli bwanji? Tione, ukawerenga umutumizire mlongo wako. Akulemba ndi Lestina. Akuti dzanja lake ndi loipa, ine sindingatsutse poti sindiliona.

Andilandira bwino. Andipatsa nyumba yangayanga, ndipo nkhuku zafa kale ziwiri chifukwa cha ine. Phiri la Mulanje kuno timaliona chakumbuyo. Ndi lomwe lija, koma lili ngati munthu wodziwika amene wakufulatira. Manda a mayi anga ndawapeza. Ndinazula udzu ndi manja, ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, ndinawauza mayina anu. Chilomwe changa ana akuno amachiseka, ati ndimayankhula ngati akufa. Amanditcha amalume a ku Malawi. Kuno kuli zii. Kulibe mafani a fakitale, ndipo m'makutu mwanga mumakhala ngati chombo chazima.

Madzulo tikatha kudya ndakhala ndikuwasimbira nkhani ya Chombo, kuyambira buku loyamba, monga ndikuikumbukira. Anthu achuluka, ena akuchokera kutsidya kwa dambo. Dzana ndinafika pamathero. Sindinasinthe kanthu. Ndinkayesa kuti kuno akondwa, poti Anachisale akubwerera kwa eni dziko, ndipo eni dzikowo ndi iwowa.

Mkulu wina anati, “Akubwera kudzatani? Ife otsala tinazolowera kale chilala chathu. Akafika tidzawaika pati, munthu wosadziwa ndi chitsime chomwe?”

Mayi wina anati ayi, mlendo sabwezedwa. Anakangana mpaka nkhuni kutha. Titatsala awiri ndinamufunsa Lestina maganizo ake. Akuti ndisalembetse zimenezi, koma alemba. Anati, “Ife tikanawalandira, amalume, tikanawaphera nkhuku. Koma nkhuku ikatha tikanawafunsa kuti ana mwawasiyira yani.”

Mukanapanda kuyankhula pabwalo paja, ndikanabwera kuno ngati munthu wopanda kwina, ndipo ndikanakhala, ndikanati zonse zili bwino. Koma ndabwera ndikudziwa kuti kwina akundifuna, ndiye ndayang'ana mosaopa. Kuno ndi kwa mayi anga. Ndakuona, ndi kwabwino, ndipo ndidzabweranso kudzazula udzu.

Tione, Loweruka likubwerali utumize kabaza pasiteji ya Luchenza cha kumasana. Asakhale wothamanga uja.

Pali chinthu chimodzi choti ukawauze a Yesaya ndisanafike, kuti ayambe kuchitafuna. Mwamuna amakaikidwa kwa alongo ake, ndikudziwa, ndipo Lestina ndakambirana naye, walira koma wavomera. Ine ndikupempha malo kumanda a kwanuko, pafupi ndi amayi anu, mbali yoyang'ana kutiyi. Akaona kuti n'zovuta, asayankhe msanga. Aitane abale, akambirane chaka chino ndi chamawa. Ine sindikufulumira kukagonapo.

Ndine bambo wanu,
Peterson